Mboni Ziwiri za a Lafayelo

Sendezani mipando kuno, ndipo iwe amene ukuti mizimu imayenda usiku wokha, tatseka kaye pakamwa umve. Uwu ndikunenawu unkayenda masana, dzuwa lili paliwombo, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe. Zinachitika cha ku Tsangano uko, kumene mphepo yake imaluma makutu ngakhale mwezi wa Okutobala.

Kunali bambo wina, a Lafayelo, wokhoma zidebe. Ndowa, mbaula, makheni othirira mbatatesi, zonsezi zinkatuluka m'manja mwawo. Anali ndi nyumba ya malata pafupi ndi msika, shedi yogwiriramo ntchito pambali pake, ndiye kuseri kachipinda kamodzi ka njerwa zosawotcha. M'kachipindamo munkagona nkhalamba ina, a Zuze.

A Zuzewa sanali m'bale wa munthu aliyense pamalopo. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki atanyamula nyundo ndi sizasi yodulira malata basi. Anapeza Lafayelo ali wamng'ono, makolo atamwalira, mkulu wake atatengedwa ndi amalume kupita ku Blantyre, iye atatsala akutola zotola pamsika. Anamutenga, anamudyetsa, anamuphunzitsa ntchito. Nkhondo itatha anzawo anabwerera, iwo anatsala, chifukwa kwawoko kunalibenso wowadziwa. Pa nthawi ya nkhani yathuyi maso anali atafa onse awiri.

Mkazi wa a Lafayelo anali Nandau, wa ku Lizulu. Musamuyese mfiti ayi, ndikukanirani pomwe pano. Kwa zaka khumi ndi zinayi mayiyu anaphikira a Zuze phala, anawachapira mabulangete, anawagwira dzanja popita kuchimbudzi. Anali atatopa, ndipo kutopa kwake sankakuuza munthu.

Tsiku lina Lachinayi a Lafayelo anabwera kuchokera kuchipatala, kumene anawauza kuti magazi akuthamanga. Anatulutsa pepala m'thumba la jekete.

"Mayi a Tamala, takhalani pansi ndikuwerengereni."

"N'chiyani chimenecho?"

"Wilo. Ndalemba ndekha. Andiuza kuti chatsala n'choti ndisaine pamaso pa mboni ziwiri, anthu oti sakulandirapo kanthu, nawonso asaine. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndidzaitana awiri."

Nandau anapukuta manja pachitenje. "Munthu wamoyo, wodya bwinobwino, n'kumagawa katundu? Mukuitanira imfa m'nyumba muno, bambo a Tamala."

"Imfa siyembekezera kuitanidwa. Tamverani."

Anawerenga. Nyumba ndi shedi n'za mkazi wanga ndi ana. Zida zanga asazigawane, adzapatse mwana amene adzafune ntchitoyi. Ndiye panali mzere wotsiriza: malo ano asagulitsidwe a Zuze ali moyo, chipinda chakuseri n'chawo, ndipo munthu asawasamutse.

Mzere umenewo ndi umene unamuvuta Nandau. Iye mumtima anali atakonza kale kuti tsiku limene adzatsale yekha adzabwerera kwawo ku Lizulu, kumene amayi ake anamusungira munda. Tsopano pepala linkamumangirira kumphepo ya ku Tsangano, pamodzi ndi nkhalamba yoti ingathe kukhala zaka zina khumi.

Loweruka m'mawa makala anali achinyezi, mbaula ikukana kuyaka. Jekete linali pamsomali. Anatulutsa pepala lija, analing'amba pakati, analilowetsa pansi pa makala. Ankadziuza kuti akuthamangitsa imfa. Theka lake zinali zoona, mantha anali nawo ndithu. Theka linalo ankalidziwa yekha.

Lamulungu a Lafayelo anapisa m'matumba onse.

"Mwina ana," anatero Nandau akuyang'ana kumbali. "Kapena makoswe."

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangoti, "Ndilembanso sabata yamawa." Lachitatu lake anagwa m'shedi nyundo ili m'manja, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atazizira kale.

Maliro atatha, anthu atameta, mkulu wa malemu uja anakulira ku Blantyre, a Medisoni, anasonkhanitsa abale pakhonde. Sanali munthu wolanda katundu wa amasiye, koma ankafuna zinthu zithe msanga abwerere kuntchito.

"Alamu, malemu anasiya mawu aliwonse? Pepala kapena?"

Nandau anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Ayi."

Ndiye anagwirizana kuti malo onse agulitsidwe, zopezekazo zikhale za mayi ndi ana, akamangire ku Lizulu. Wogula analipo kale, munthu wofuna kuikapo chigayo. Tsiku analiika Loweruka lotsiriza la mweziwo.

"Nanga nkhalamba ija?" anafunsa wina.

"Tidzaikweza galimoto ya ku Vila Ulongwe," anatero a Medisoni. "Kwawo ndi kumeneko, ikafunefune abale ake. M'bale wathu anaisunga mokwanira."

Nandau anamva zonsezo, ndipo pakamwa pake panali potseka.

Zinayamba ndi zinthu zazing'ono. Tamala, mwana woyamba, anasowa cholembera chake. Anachipeza patebulo la pabalaza, chitagonekedwa bwinobwino pakati. Mawa lake chimodzimodzi. Nandau anachitsekera m'sutikesi, koma pobwera kumjigo masana anachipeza patebulo pomwepo, pambali pake pali chinzake chimene m'nyumbamo munalibe wochidziwa.

Kenaka mipando. Dzuwa likafika paliwombo ankapeza mipando iwiri ili pakhonde, yoyang'ana kukhomo. Ana anali kusukulu. A Zuze sakanatha kunyamula mpando. Nandau ankaibweza m'nyumba osauza munthu.

Shedi inali yokhoma ndi loko chimwalirire eni ake. Koma nthawi yomweyo ya masana munkamveka nyundo. Sikunali kukhoma kwenikweni ayi. Kunali kugogoda katatu kokha, pang'onopang'ono, monga amachitira mmisiri poyesa ngati tako la ndowa lagwira. Kenaka zii.

Alendo oyamba anafika Lachiwiri. Anali amayi awiri a kutali, atasenza mabasiketi a kabichi.

"Odi kuno. Kodi ndi pano pakufunika mboni?"

Nandau anali akusesa. Tsache linaima. "Mboni za chiyani?"

"Bambo wina watiimitsa pakalavati pamphambanopo. Akuti tibwere panyumba ya malata yoyandikana ndi shedi, pali pepala loti tisaine. Watipempha mwaulemu kwambiri, tinalephera kukana."

"Bambo wotani?"

Amayiwo anayang'anana. "Wamtali ndithu. Wachipewa. Nkhope sitinaione bwino, dzuwa linali kumbuyo kwake."

Mukumva? Masana enieni, dzuwa lili pamwamba pa mutu, iwo akuti linali kumbuyo kwake.

"Mwasokera," anatero Nandau. "Pano palibe pepala."

Amayiwo anayang'ana mipando iwiri ija pakhonde, anayang'ananso mutu wake wometa, ndipo anachoka osatsanzika. Atafika pamsewu wina anatula basiketi n'kuyamba kupemphera.

Lachinayi kunabwera wakabaza ndi mphunzitsi amene anamunyamula. Loweruka anabwera anyamata awiri ogula zikopa. Sabata yotsatira anabwera mayi ndi mpongozi wake ochokera kumaliro ena. Nthawi zonse ankabwera awiri, nthawi zonse achilendo, nthawi zonse masana. Munthu wa pamalopo, woti ankawadziwa a Lafayelo, sanaimitsidwepo ngakhale kamodzi. Wina ankati bamboyo anali ndi jekete lakuda, wina ankati labulawuni. Koma onse ankagwirizana pa chimodzi: poloza njira, chala chake chaching'ono chinali chodukira pakati.

Nkhani yotere sigona panyumba imodzi. Anansi anasiya kudzapempha mchere. Mayi amene ankagulitsa tomato pafupi ndi kalavati anasamutsa benchi lake. Akabaza ikakwana nthawi ya masana ankadzera njira yakuseri kwa msika, ngakhale inali yamabampu. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula Nandau akafika, kenaka wina n'kumupatsa mpata kuti atunge msanga azipita. Palibe anamufunsa maso ndi maso kuti pepala lake ndi liti. Iye akanakonda atamufunsa.

Anaonda. Mbaula anasiya kuikoleza n'kumaphikira pamafuwa. Tsiku lina analimba mtima, anapita yekha pakalavati paja dzuwa lili paliwombo. Sanaone munthu. Msewu unali mbee, fumbi lokhalokha. Koma panali kafungo ka mtovu wotentha, kamene kankakhala m'zovala za mwamuna wake. Anagwira simenti ya kalavatiyo, inali yotentha yoti sungakhalepo. Atasuntha dzanja pang'ono anapeza malo ozizira, kukula kwake ngati pamene pakhala munthu.

"Bambo a Tamala," ananong'ona, "ndinachita mantha ine."

Palibe chinayankha. Ndipo iye mwini anamva kuti zimene wanenazo n'zosakwanira.

Lachisanu, mawa lake ndiye tsiku logulitsa malo, anatengera a Zuze phala madzulo. Anawapeza atakhala pamphasa, atatsamira khoma, akupapasa zinthu zawo n'kumaziunjika pamodzi: bulangete, malaya awiri, kapu yachitsulo, ndi nyundo yakale ija anabwera nayo pothawa nkhondo.

"Ndimamva alendo akubwera awiriawiri," anatero a Zuze.

"Ndi anthu osokera, agogo."

"Eya." Analandira mbale. "Mwana wanga Lafayelo anandiwerengera inenso pepala lija. Anakhala pomwe waimapo. Ndinamuuza kuti usamulemetse mkazi wako, iye osamva." Anapuma pang'ono. "Loweruka lija mbaula inayaka msanga. Makala anali anyowa, koma inayaka msanga."

Nandau anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Sindikukudandaula, mwananga. Watopa. Zaka zonsezi kuchapa mabulangete a munthu woti si bambo ako. Ana obereka amathawa ntchito imeneyo."

"Agogo, ku Vila Ulongweko mukafikira kwa yani?"

"Ndikakhala pamene anditsitse. Anthu ndi anthu, wina adzandipatsa madzi." Anaseka pang'ono. "Ndinabwera kuno osadziwa munthu, ndibwerera chimodzimodzi. Kungoti pobwera ndinali ndi maso."

Apa ndiye panali poti mayiyu anene. Mawu anafika pamilomo penipeni. Koma anaganiza za a Medisoni ndi abale onse, zoti aime pamaso pawo anene kuti ndinanama pa maliro a mwamuna wanga. Anaganizanso za munda wa ku Lizulu. Mawu aja anawabweza.

"Undipezereko kachingwe," anatero a Zuze. "Ndimangire katunduyu."

Ndipo anapita, anthu inu. Anadula chingwe choyanikira zovala, anabwera nacho, anawaika m'manja. Pa zonse zimene anachita, chimene chinadzamupweteka kwambiri pambuyo pake ndi chingwe chimenecho.

Loweruka a Medisoni analawirira pamodzi ndi abale ndi wogula uja. Galimoto ya ku Vila Ulongwe anali atapangana nayo kuti idzaima pamsewu nthawi ya wani koloko. Nandau anasuzumira kuseri m'mawa, anaona a Zuze atavala kale jekete, atakhala pamphasa, mtolo uli pamiyendo.

"Ndakonzeka, mwananga. Mukadzafuna mudzangondiitana."

Iye anangoti, "Chabwino, agogo," n'kutseka chitseko.

Pakhonde anthu anakambirana za malire, anayenda ndi wogula kuzungulira malo, anabwerera n'kukhalanso pansi. A Medisoni anali atamva manong'onong'o a pamsika, ndipo anafunsanso kachiwiri.

"Alamu, tisanamalize. Palibe chimene mukufuna kunena?"

Nandau anapukusa mutu. Mithunzi inali ikufupika pabwalo.

M'shedi munagogoda katatu.

Onse anamva. Wogula anatembenuka kuyang'ana loko. Mlongo wa malemu anakokera mwana wake pafupi. Kenaka kunamveka mapazi panjira.

Anali bambo wonenepa, dalaivala wa lole ya mbatatesi imene inafera pamphambano, pamodzi ndi mayi wina wogulitsa kaunjika amene anakwera nawo. Anaima pabwalo akupukuta thukuta.

"Pepani, tasokoneza msonkhano," anatero dalaivala. "Tatumidwa ndi bambo wina pakalavatipo."

"Pano palibe pepala losaina," anatero a Medisoni mwaukali.

"Bamboyonso watero. Akuti pepala kulibe, linapita. Akuti tingobwera tidzakhale pansi, timve zimene anene mayi a m'nyumba muno. Akuti ife tikamva, zikwanira."

Anthu awiri amene anakhalira mipando ija anadzuka okha, osauzidwa. Alendowo anakhala. Maso onse anapita kwa Nandau.

Anagwada pasimenti. Mawu oyamba anatuluka movuta, otsatira anangokhuthuka. Ananena za Lachinayi lija, za mboni ziwiri zimene zinkayembekezeka Lamulungu, za makala achinyezi. Anatchula mizere yonse ya pepala monga anaimvera, mpaka wotsiriza uja.

"Ndinati ndikuopa imfa. Ndinkaiopadi. Koma chenicheni n'choti sindinkafuna kutsala ndi agogo. Powotcha pepala lija ndinawotcha chipinda chawo ndi manja angawa, ndiye ndinakunamizani inu alamu, mwamuna wanga asanathe sabata m'manda. Ndine wolakwa."

A Medisoni anaimirira, nkhope itachita mdima. "Mukudziwa chimene mwatichititsa? Tikanataya munthu pamsewu ife, m'dzina la m'bale wathu." Anatembenukira kwa dalaivala. "Iwe, bambo ameneyo ndi wooneka bwanji?"

"Nkhope sindinganame, sindinaione. Koma dzanja ndinaliona. Chala ichi n'chodukira apa."

A Medisoni anakhalanso pansi pang'onopang'ono, anavula chipewa. Chala chimenecho cha mng'ono wawo anachidula ndi iwo eni, ndi khasu, ali ana kumunda, makolo awo akadali moyo.

"Mawu opanda pepala ena akhoza kuwakana," anatero potsiriza. "Ine sindiwakana. Sindilimbana ndi munthu woyenda masana. Achimwene, pepani, malo sitigulitsa. Nkhalamba ikhala m'chipinda chake mpaka Mulungu adzaitenge."

Wogula sanadikire kupepesedwa kawiri, anali atafika kale panjinga yake. Nandau anali akulira, koma kwa nthawi yoyamba m'mwezi wonsewo mpweya unkalowa bwino m'chifuwa.

Mayi wa kaunjika uja anadzuka, akukonza chitenje. "Ife tamva, tizipita. Kungoti bamboyo anati pobwerera sitimupeza."

"Wapita kuti?" anafunsa a Medisoni.

"Sananene. Anangoti wadikira mokwanira, pali wamkulu wina amene akufuna akamugwire dzanja, poti saona."

Nandau sanamve zotsalazo. Anathamanga kuzungulira nyumba, chitenje chikumukola m'miyendo, anakankha chitseko cha kachipinda kaja.

A Zuze anali pomwe anawasiya m'mawa. Jekete lomanga mabatani onse, msana kukhoma, mtolo pamiyendo. Dzanja lamanzere linali litagwira mfundo ya mtolowo. Lamanja linali litatambasukira kutsogolo pang'ono, lotsegula, litagwera pabondo. Nkhope inali yoyang'ana kukhomo, ngati munthu amene wamva dzina lake.

"Agogo."

Anawagwira tsaya. Linali lisanazizire kwenikweni. Nandau akanalankhula dzulo, akanalankhula m'mawa, ngakhale pamene alamu ake anamufunsa kachiwiri paja, nkhalambayi ikanamva ndi makutu ake kuti ili ndi kwawo. Inafa ikudikira galimoto.

Abale anafika pakhomo, anaima osalowa. Nandau anagwada pamphasa, anayamba kulimbana ndi mfundo ija, zala zikuterereka, misozi ikugwera pabulangete.

"Agogo, masulani katundu," ankatero mobwerezabwereza. "Ndanena, agogo. Ndanena zonse. Simupita."